Zala za a Mphindi

"Mutu wa munthu wamkulu sukula, bambo. Pitani mukaonetse kuchipatala."

Anatero kwa a Mphindi apongozi awo m'mawa wina nyengo yozizira itayandikira, kachingwe kali m'manja. A Mphindi anali okonza mawotchi, ndipo dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa aliyense wobwera ndi wotchi yakufa ankamuuza kuti, "Dikirani mphindi imodzi." Akazi awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankagwira ntchito kutali, kufakitale yosoka malaya. M'nyumba munatsala anthu awiri: iwo kuchipinda chakutsogolo, mayi a malemu akazi awo kuchipinda chakuseri.

Agogowa sanapondeko m'kalasi, manambala a patepi sankawadziwa, koma kuluka ndiye kunali kwawo. Chaka chilichonse ankalukira mkamwini wawoyo chipewa, chifukwa pamene ankagwirira ntchito panali pamphepo. Poyeza mutu ankapereka kachingwe, mwiniwake azungulize pamphumi n'kutsina pamene kakumana, iwo n'kumangapo mfundo. Kachingweko kanali komweko chaka ndi chaka. Zaka zambiri mfundo inali imodzi. Tsopano zinali zinayi, zotsatana kulowera kunsonga.

"Chingwecho chafupika ndi kuchapa, Mayi."

"Sindinachichapepo."

"Ndiye ndi tsitsi."

"Tsitsi liti, dazi litafika pankhongo?"

A Mphindi anaseka, nagugudiza tiyi wawo ali chiimire. "Mayi, munaonapo munthu akupita kuchipatala chifukwa chokula? Adokotala ndikawauze chiyani, kuti ndikudya bwino? Kuchipatala amapita woonda."

Mawu amenewo sanawatole m'njira. Akazi awo anatha pang'onopang'ono ngati sopo, mpaka lamba wa wotchi yawo yapamkono anachita kumuboola mabowo atatu atsopano, ndipo anaboola ndi a Mphindi omwewo. Kuchipatalako analowa ndi munthu, n'kutuluka ndi chikwama cha zovala. Chiyambire tsikulo, ankati imfa imabwera ndi kuonda basi. Koma matenda savala malaya amodzi. Ena amamudya munthu, ena amamuwonjezera, ndipo owonjezerawa ndiwo oopsa, chifukwa anthu amakuyamikira uku ukupita.

Malo awo antchito anali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa sitolo ya nsalu ndi malo ometera. Panali katebulo kokhala ndi galasi pamwamba, mpando wopanda chotsamira, ndi nyale yopinda khosi. M'kabati yake munali tizitini ta timisomali tating'ono ngati mchenga, kambaniro kotolera, mabatire, malamba, ndi kagalasi kovala padiso. Chuma chawo chonse chinali zala khumi ndi maso awiri. Zalazo zinali zowonda, zodekha, moti anthu ankaima pamasitepe kungoonerera mmene zikutolera kanthu kamene iwo sakukaona n'komwe.

Kumanzere kwawo kunkakhala wosoka nsapato, wotchedwa Chidendene. Anakhala moyandikana chomwecho zaka khumi ndi zisanu. Sanali anthu a nkhani zambiri, koma anali ndi chizolowezi chawo. Ikakwana teni koloko, Chidendene ankatsegula fulasiki, n'kukweza kapu m'mwamba osalankhula. A Mphindi, diso limodzi lili m'kagalasi, ankaiona kapuyo ndi m'mbali mwa diso linalo, n'kugwedeza mutu. Akatero ankamwa limodzi, aliyense akuyang'ana msewu.

Chidendene ndiye ankadziwa za mapazi.

"Achimwene, nsapato izi ndazikulitsa kawiri. Kachitatu ndiye ndingotsegula zenera kutsogoloku, zala zizipuma mpweya."

"Ingokulitsani, musandilalikire."

"Mukuthira feteleza wanji? Ndigawireniko ndikathire ana anga, onse afupika kutengera mayi awo."

"Nsapato za masiku ano n'zabodza. Amalemba nambala ina, mkati muli ina."

"Izi si za masiku ano. Munavala pamaliro a alamu."

A Mphindi anatenga wotchi ina n'kuitsegula ngakhale inali yokonzakonza kale. Chidendene anaona kuti waponda pachilonda, ndipo anaiweramira nsapatoyo osapitiriza.

Chinthu chikamakula tsiku ndi tsiku, amene umakhala nawo sachiona. Amachiona ndi mlendo, koma mlendo amangoseka n'kupita. Mphumi ya a Mphindi inayamba kutulukira pamwamba pa maso ngati khonde. Mphuno inafutukuka, milomo inanenepa. Chibwano cham'munsi chinatsogola, mano anatalikirana, moti kuluma buledi kunasanduka ntchito. Lilime linadzaza m'kamwa, mawu anatsika mpaka ana ankathawira kumbuyo kwa amayi awo akapatsidwa moni. Thukuta linkatuluka ngakhale kukuzizira. Mutu unkawawa kuseri kwa maso, ndipo ankagula mapilitsi kugolosale n'kumeza awiriawiri. Mphete yaukwati inalowa m'mnofu, chala chinachita bii. Tsiku lina anaidula okha ndi kamacheka kawo, naiika m'bokosi la machesi.

Apongozi awo anaona kamzere koyera pachala tsiku lomwelo. Za mpheteyo sanafunse. Anadikira Lamlungu m'mawa, akuwasitira malaya pakhonde.

"Bambo, khoma lathuli n'lopyapyala, mundikhululukire. Mukagona mumaliza mkonono, kenako mumaleka kupuma. Ine ndimakhala tsonga kudikira kuti muyambirenso."

"Mkonono ndi matenda, Mayi?"

"Kale munalibe. Ndipo dzulo munagunda chitseko ndi phewa, dzana munagwetsa ndowa. Chitseko chimenecho chakhala pamenepo zaka makumi awiri, sichinasunthe."

"Ndinali ndi maganizo."

"Ine ndinaika mwana mmodzi m'manda. Sindikufuna kuperekezanso wina. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba, ng'oma yake ndaimva ine wogontha."

"Mwana wanu anapita kuchipatala, Mayi. Ali kuti?"

Simbi inakhala pamalaya mpaka kufuka utsi. A Mphindi anadziwa kuti alankhula mawu oipa, koma sanawabweze. Anavala malaya opsa pakolalawo n'kutuluka. Kuyambira tsikulo m'nyumba munkangomveka supuni ndi mbale. Agogo ankawayang'anabe, pozembera, akamavula nsapato kapena akamalimbana ndi mabatani, koma pakamwa anatseka.

Madzulo a Lamlungu mwana wawo ankaimba foni.

"Ababa, muli ndi chimfine? Mawu anu akumveka ngati mukulankhulira mumgolo."

"Ndi foni yakoyo, mwanangu."

"Agogo akuti mukudwala."

"Agogo ako akaona mtambo amati chigumula. Ndanenepa basi. Ukadzabwera udzapeza bwana."

Kuntchito zinthu zinali zitayamba kuvuta, ndipo izi sanauze munthu. M'mawa zala zinkadzuka dzanzi, ankazipsinya pakati pa mawondo kuti zimve. Kambaniro kankasowa pakati pa zala zonenepazo. Timisomali tinkathawa, kugwera pansi, ndipo munthu wamkulu ankagwada m'fumbi pansi pa masitepe kufunafuna ndi maginito. Mawotchi akuluakulu a azibambo ankawathabe. Ang'onoang'ono a azimayi anayamba kuwabweza ndi bodza. "Zipangizo zake sizikupezeka masiku ano, mayi." Munthu amene kale sankabweza wotchi anafika pomangosintha mabatire ndi malamba.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, ndi kawotchi kakang'ono ngati khobidi, kokulunga m'mpango.

"Kanali ka mkulu wanga, anatisiya chaka chatha. Kaima. Ndikufuna kaziyenda."

"Zipangizo zake, mayi..."

"Musandiuze zimenezo, a Mphindi. Mkulu wanga ankati m'tauni muno muli manja amodzi okha. Munakakonzapo kawiri."

Anakalandira. Mayiyo atapita, anatsegula chivindikiro chakumbuyo, navala kagalasi. Mkati mwa chivindikirocho munali timizere tiwiri tolemba ndi nsonga ya singano, chizindikiro chimene ankasiya m'wotchi iliyonse imene akonza. Tinali tating'ono, towongoka, tokongola. Anatiyang'ana nthawi yaitali, nayang'ananso dzanja limene linagwira kawotchiko. Zinali ngati analemba ndi munthu wina amene anasamuka.

Masiku atatu analimbana nako. Vuto analipeza, linali fumbi ndi mafuta ouma basi, ntchito imene kale ankaimaliza tiyi asanazizire. Tsiku lachitatu, akubwezera kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kamayendetsa mtima wa wotchi, chala chinafa dzanzi osawauza. Kambaniro kanapsinya mopitiriza. Kasipuling'iko kanapindika n'kukolanakolana ngati ulusi umene mphaka waseweretsa.

Mayi uja atabwera, a Mphindi anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ndakawononga ndine, mayi. Sikadzayendanso."

Mayiyo sanakalipe. Anakakulunga m'mpango muja, nawayang'ana kumaso, kenako m'manja. "Kodi ndinu omwe aja?" anafunsa motsitsa mawu, ndipo anapita osadikira yankho.

Apo munthu womva akanapita kuchipatala mawa lake. Iwo anati ndi ukalamba, nagula magalasi owerengera pamsika.

Koma maso sanali kuchita chifunga ngati a okalamba. Kutsogolo ankaona bwinobwino, mpaka muvi wa masekondi. Chimene chinkatha ndi m'mbali, kumanja ndi kumanzere, pang'onopang'ono, ngati munthu akukoka makatani mwakachetechete. Ndipo m'mbali mukamatha simuda, mumangosowa, mwiniwake osadziwa kuti mwasowa. A Mphindi ankangodandaula kuti anthu a masiku ano amangotulukira ngati mizukwa. Njinga inawagunda pachigongono, iwo anakalipira wanjingayo. Odziwana nawo ankakweza mkono tsidya la msewu, iwo n'kudutsa tolotolo.

"Thupi lakula, mtima wakulanso," anatero wometa uja. "Moni sakuyankhanso."

Teni koloko ikakwana, Chidendene ankakweza kapu monga mwa masiku onse. A Mphindi osagwedeza mutu. Anakweza Lolemba, Lachiwiri, mpaka Loweruka. Mlungu wotsatira anatenga fulasiki yake n'kukamwera kumalo ometera. A Mphindi ankamva kuseka kumeneko, fungo la tiyi likufika pansi pa masitepe, ndipo ankadzifunsa kuti mnzawo anamulakwira chiyani kuti aleke kuwaitana. Kufunsa sanafunse. Anati mwina ndi nkhope yawoyi, anthu ayamba kunyansidwa nayo. Chidendene naye sanafunse. Anthu awiri otalikirana mikono itatu anatha miyezi akupatsana moni wa pakamwa pokha.

Patatha zaka zinayi asanabwere, mwana wawo anapatsidwa tchuthi. A Mphindi anatseka katebulo masana, navala jekete limene silinkamangikanso, napita kudepoti. Anaima pafupi ndi chipilala, maso ali pageti pamene mabasi amalowera. Basi inafika, koma inakaima chakumbali, ndipo anthu anatsika iwo akuyang'anabe kugeti.

Mtsikanayo anatsika ndi chikwama chake, nayamba kufunafuna bambo wochepa thupi, wa nkhope yosongoka ndi timanja ta telala. Anazungulira depoti yonse kawiri. Chimunthu chachibwano choima pachipilala anachiona, anachilambalala, ndipo anagwiritsa chikwama podutsa. Atatopa anakaima pamthunzi wa chipilala chomwecho, mapazi anayi kuchokera pa bambo ake, chakumanja kwawo. Anaima chomwecho mpaka mthunzi unasuntha. Wina akudikira, winanso akudikira.

Kenako mtsikanayo anatulutsa foni n'kuimba. Inalira m'thumba la chimunthu chija. Anachiona chikulimbana kulowetsa dzanja m'thumba, chikuphonya batani kawiri, chikuika foni kukhutu.

"Mwanangu, uli pati? Ine ndafika kalekale."

Mawuwo anawamva kawiri, m'foni ndi pambali pake.

"Ababa?"

A Mphindi anatembenuza mutu wonse kuti amupeze. Anamuona ataika dzanja pakamwa, chikwama chili pansi. Anayesa kumwetulira, koma anakumbukira mano, natseka milomo.

"Ndinakuuza kuti udzapeza bwana," anatero.

Mtsikanayo sanaseke. Anawagwira dzanja, dzanja lake n'kusoweramo, ndipo ulendo wonse wa kunyumba sanalisiye. Atafika anagwada pafupi ndi agogo ake kuchipinda chakuseri, nalira. Agogowo ankangomusisita kumsana. "Ndinanena, mdzukulu wanga. Pakamwa panga panatha."

M'mawa mwake sanapemphe chilolezo. Anawaimira pakhomo.

"Lero kuntchito kulibe. Tikupita kuchipatala."

"Makasitomala..."

"Makasitomala ati, Ababa? Mukakana, ine ndikwera basi yamasana, ndipo foni ya Lamlungu muiiwale."

Anapita. Chipatala choyamba chinawatumiza kuchachikulu, ndipo kumeneko anakumana ndi dokotala wamkazi wa mawu ochepa. Anawayang'ana akulowa, nawapempha chitupa chawo chakale. Anayang'ana chithunzi, nayang'ana munthu. Anatembenuza manja awo, nawauza atulutse lilime. Kenako anakhala patsogolo pawo.

"Yang'anani mphuno yanga, musatembenuke." Anatambasula mikono m'mbali n'kugwedeza zala. "Mukuona zala zingati?"

"Zala ziti?"

Dokotala anabweretsa manja pang'onopang'ono chapakati. Manjawo anafika pafupi ndi makutu a dokotalayo, a Mphindi asananene kuti awaona. Mtsikana uja anayang'ana pansi.

Anawatenga magazi, nawalowetsa m'makina ojambula m'mutu. Patapita masiku anawaitananso. Dzina la matendawo n'lalitali, akiromegale, koma dokotala anawafotokozera mwachidule. Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kanthu kakang'ono ngati nyemba, kamene kamatulutsa madzi okulitsa mwana. Munthu akakula, kamachepetsa. Kwa iwo panamera chotupa, ndipo madziwo ankangotuluka osaleka. Mafupa a munthu wamkulu satalikanso, ndiye ankangonenepa: manja, mapazi, chibwano, mphumi. Chotupacho pokula chinakwera n'kutsamira mitsempha ya maso imene imadutsa pamwamba pake.

"Si khansa," anatero dokotala. "Chimachotseka, timadzera m'mphuno. Zinayamba liti?"



"Agogo akuti zaka zisanu ndi ziwiri," anayankha mtsikanayo.

"Agogowo ndi anesi?"

"Ayi. Amaluka zipewa."

Dokotala analemba kanthu papepala. A Mphindi anayeretsa kukhosi.

"Adokotala, ine ndimakonza mawotchi. Mukachotsa, zala zibwerera?"

"Kutupa kuphwa, dzanzi lichepa. Koma fupa likakula lakula, bambo."

"Nanga maso?"

"Mtsempha ukapsinjika miyezi umadzuka. Wanuwu wapsinjika zaka. Tiyesa kupulumutsa zimene zatsala. Mukanabwera nsapato zitangoyamba kuthina, bwenzi tikukamba nkhani ina."

Opaleshoni anapanga, ndipo anatuluka ali moyo, akuyenda ndi miyendo yawo, pageti la chipatala limene ankaliopa. Mutu unaleka kuwawa. Thukuta linachepa, lilime linapepuka, tulo tinayamba kukoma. Chotupa sichinachoke chonse, ndiye anawauza kuti azibwera mwezi ndi mwezi kudzabayitsa jakisoni. Anadikira mwezi, iwiri, isanu ndi umodzi. M'mbali mwa maso simunatseguke.

Anayesako kubwerera pansi pa masitepe. Anakhala masiku anayi. Tsiku lachinayi wina anatola mawotchi atatu patebulo, pambali penipeni pa chigongono chawo, dzuwa likuswa mtengo, iwo akuyang'ana batire. Madzulo ake anaika tizitini ndi kambaniro m'katoni, nanyamula nyale yawo. Malowo analowapo mayi wogulitsa zikuto za mafoni.

Tchuthi cha mtsikana chinali chitatha kale. Anaonjezera masabata awiri, fakitale inaimba foni, ndipo anapita. Agogo miyendo inali itayamba kukana, sakanatha kuperekeza munthu patali. Anangophunzira kubwera chakutsogolo akamapereka madzi, ndi kukhosomola kaye asanalowe m'chipinda. Za chenjezo lawo sanakumbutsepo ngakhale kamodzi.

Ndiye tsiku la jakisoni a Mphindi amapita okha. Minibasi imawatsitsa tsidya lino, chipatala chili tsidya lina, ndipo pakati pali msewu waukulu wa magalimoto obwera uku ndi uku. Akayang'ana kumanja, kumanzere kulibe. Akatembenukira kumanzere, za kumanja zasintha kale. Choncho amaima m'mphepete, chimunthu chonsecho, khadi lachipatala lili m'dzanja, kudikira munthu wina woti awoloke. Akamupeza amamata maso pamsana pake n'kumutsatira pafupi, phazi ndi phazi. Ena akacheuka n'kuona nkhope imeneyo kumbuyo kwawo amathamanga, n'kuwasiya pakati pa msewu mahutala akulira. Masiku ena, dzuwa likatentha anthu n'kuchepa, amaima pamenepo nthawi yaitali.